Ekizozi ya Land Cruiser 75 yathyokanso, ndigule iti?

WakuNeno75:
Akuluakulu ndithandizeni maganizo. Ndili ndi Land Cruiser pickup HZJ75 ya 1994, injini 1HZ yopanda turbo, imene ndimanyamulira mbatata ndi feteleza msewu wa Neno kupita ku Tsangano, amene mumaudziwa msewu umenewu palibe choti ndifotokoze. Ekizozi yathyokanso pomwe paja pansi pa manifodi, chitsulo chosonkhanitsa utsi pa injini, pamene paipi imayambira kutsika. Tawotchererapo mpaka palibenso poti nkugwira, sailensa nayo yabooka pansi moti anthu akumandimva ndisanatulukire. Ndaganiza zongosintha yonse. Tsono ndauzidwa zosiyanasiyana. Wowotcherera wina ku Ndirande akuti andipangira yonse ndi paipi ya madzi, akuti imeneyo ndidzafa nkuisiya. Pa shopu ina ku Limbe andionetsa ya stainless ya 3 inch akuti galimoto izikoka ngati ya turbo. Mphwanga amene ali ku Joni nayenso akuti wapeza seti ya Land Cruiser 79 yotchipa anditumizira pa basi. Ndalama zikuvutazi sindikufuna kugula kawiri, nditenge iti?

Spana17:
Paipi ya madzi yokhayo ndiye musayerekeze bwana.

KabazaMkulu:
Bwanji asayerekeze? Maminibasi angati mu Blantyre muno akuyenda ndi paipi ya madzi chaka ndi chaka? Inu anthu a magalaja mumangofuna munthu agule zodula basi

Spana17:
KabazaMkulu minibasi imayenda pa tala kuchoka ku Limbe kupita ku Chirimba, iyi ikumenya mabampu a ku Neno. Paipi ya madzi ndi yokhuthala komanso yolemera kwambiri, kulemera konseko kumalendewera ku manifodi ndi ku timalabala tokolekera. Paipiyo payokha siithyoka zoona, koma imathyola zinzake, ndipo manifodi ya 1HZ ndi yodula kuposa paipi iliyonse. Chinanso paipi ija anaikuta ndi zinc, ikamawotchereredwa imatulutsa utsi woyera umene umamudwalitsa wowotchererayo, usiku kutentha thupi ndi kuphwanya ngati malungo. Ndiye popinda ambiri alibe makina, amangodula nkulumikiza timakona ta mapulambala, utsi ukamadutsa uzichita kugunda khoma pa kona iliyonse.

KabazaMkulu:
koma imakhalitsa, ndi zimene ndikunena ine

Mdala_2H:
Tisanafike pogula, ine funso langa ndi loti bwanji ikuthyoka malo amodzimodzi? Chitsulo sichithyoka pamalo amodzi mobwerezabwereza popanda chimene chikuchipotokola. A WakuNeno75 chitani izi mawa mmawa. Tsegulani boneti, wina akhale mkati amange handibuleki, aponde buleki, alowetse giya 1 nkumasiya kilachi pang'onopang'ono ngati akufuna kunyamuka, kenako achitenso chimodzimodzi pa rivesi. Inu muyime chammbali osati kutsogolo, muyang'ane injini. Ikangodzuka mbali imodzi moonekera ndiye kuti mauntingi ya injini, labala limene injini imakhalapo, yatha. Muonenso ya giyabokosi pansi, imafewa ndi oyilo nkusanduka phala. Injini ikamagwedezeka choncho pomwe ekizozi yamangidwa ku chasisi, pamene pamavutika ndi pomwe mukunenapo, pansi pa manifodi.

Ndiye muonenso zokolekera. Magalimoto akale ambiri timalabala tija tinaduka kalekale, wina anangomanga waya kapena kuwotcherera kachitsulo kuchoka pa paipi kupita ku chasisi. Zikatero ekizozi ilibenso mpata woyenda. Chasisi cha galimoto zimenezi chimapotoka mukamadutsa mmakwawa, thayala lina mmwamba lina pansi, ndipo paipi ikatentha imatalika pang'ono. Iyenera kulendewera pa labala. Mukapanda kukonza zimenezi ngakhale mugule ya golide idzathyoka pomwepo.

Spana17:
Madala anena zenizeni apa.

WakuNeno75:
Zikomo madala, za waya mwalasa, kumbuyo kuli waya ndithu. Mauntingi ndiona mawa.

RosettenvilleGuy:
Za seti ya 79 mumuuze mphwanuyo adikire kaye asalipire. 79 inayamba mu 1999 ndipo ndi yotalikirapo, kuchoka pa thayala lakutsogolo kufika lakumbuyo 75 ndi 2980 mm pomwe 79 ndi 3180 mm, ndiye pali masentimita 20 oti mudule penapake, ndipo zokolekera sizigwera malo amodzi. Kutsogolonso 79 ili ndi ma coil pomwe yanuyo ndi masipuling'i amapepala. Chachiwiri mumufunse kuti ndi ya injini yanji, kuno ku Joni ma Cruiser pickup ambiri ndi a petulo 4.5 ija 1FZ, enanso ndi V8 1VD, onsewo amangotchedwa 79 koma polumikizira kutsogolo nkosiyana. Ine ndatumizirapo anthu katundu kumudzi, chinthu chachitali ngati ekizozi pa basi amachita kukulipiritsa ngati munthu wokhala pampando, kenako duty pa Mwanza, chifike chisakwane, mubweza kwa ndani?

Chidzukulu_V6:
Akadula nkuwotcherera ikwana imeneyo, musamuopseze munthu

RosettenvilleGuy:
Ikwana inde. Koma ngati mapeto ake ndi kudula ndi kuwotcherera bwanji osangogula paipi ndi makona konko nkupanga yoyeza pa galimoto yakeyo? Chimene munthu amaguliratu seti ndi choti angomanga mabawuti basi. Bwana tumizani chassis number yonse kwa mphwanuyo, pali mashopu a ekizozi kuno amene amapinda ya 75 ya dizilo yeniyeni, ndipo anene kuti ndi pickup chifukwa ya Troop Carrier, 75 ya bodi yotseka yonyamula anthu ija, kumbuyo imatuluka mosiyana.

BoostAlipo:
Tengani 3 inch mdala musamve za anthu. Ine yanga 80 series nditaika 3 inch inasintha ngati ndagula ina, chitunda cha Thabwa pochoka ku Chikwawa ndimakwera osabwerera ku giya yapansi

Mdala_2H:
Yanuyo injini yake ndi iti achimwene?

BoostAlipo:
1HD-T

Mdala_2H:
Ndiye ndi nkhani ina imeneyo. 1HD-T ndi ya turbo. Turbo imazungulira chifukwa cha kusiyana kwa mphamvu ya utsi kutsogolo ndi kumbuyo kwake, mukatsegula njira kumbuyo imadzuka msanga ndipo kutentha kumatsika, nchifukwa chake 3 inch inakuthandizani. 1HZ ya mnzathuyu ndi 4.2 litre yemweyo koma imakoka mpweya payokha, mahatchi ake ndi cha mma 130 basi. Utsi umene imatulutsa 2.5 inch imaukwanitsa bwinobwino, ndipo nayo ndi yokulirapo kale pa imene inabwera nayo. Mukaika 3 inch mupeza phokoso lochuluka ndi kulira kuja kolowa mmutu mukamayenda pa liwiro la 80, malo odutsa pakati pa chasisi ndi bokosi la 4x4 achepa, mtengo wakwera, koma pa chitunda mudzakwerabe ndi giya yomwe ija.

Chidzukulu_V6:
Eya injini imafuna back pressure, ukakulitsa paipi mavavu amapsa

Eng_Chichiri:
Ayi apo ndiye ndikane. Palibe injini imene imafuna kuti utsi uzikanika kutuluka, makamaka ya dizilo. Pistoni ikamakankha utsi wopanikizika imawononga mphamvu imene ikanapita ku mateyala. Chimene chimasokoneza anthu ndi liwiro la utsi. Mu paipi yoyenera utsi umathamanga ndipo ukamachoka umathandiza kukoka wa silinda yotsatira, mu paipi yaikulu kwambiri umayenda mwaulesi nkuzizira msanga, ndiye phindu lija limatha. Pa 1HZ kusiyana kwake si kwakukulu, 3 inch siingaphe injini, kungoti mwalipira zambiri pa chinthu chosakubwezerani kanthu. Zoti mavavu amapsa ndi nkhani za injini za petulo za kabuleta zimene mafuta amachepa mukasintha ekizozi osasintha kabuletayo.

Chinthu chimene ndingalimbikire ine ndi mapindidwe. Makina ambiri amene ali mmagalaja mwathu amafinya paipi popinda, 2.5 inch ija pa kona imatsala mwina ngati 2, ndipo pa 75 makona alipo angapo, kutsika kuchoka ku manifodi, kuzemba bokosi la 4x4, kukwera pamwamba pa difu yakumbuyo. Funsani makona opindidwa kale a mandrel, amagulitsidwa paokha a 45 ndi a 90 digiri, mkati mwake mumakhala mofanana ponseponse. Wowotcherera waluso amalumikiza amenewo ndi paipi yowongoka. 2.5 ya makona abwino imaposa 3 inch yofinyidwa.

Chidzukulu_V6:
ok engineer mwawina, ife tinaphunzira pansi pa mtengo

Defender300:
Mavuto a anthu a Toyota awa. Ife a Land Rover 300Tdi 2.5 litre yokha koma turbo inabwera nayo kuchokera ku fakitale, sitikhalira kukangana za mapaipi

Spana17:
Inu mumakangana za katoni yoika pansi pa injini usiku kuti oyilo azidonthera pamenepo kkkkk

Defender300:
Nsanje basi. Galimoto imene inapangidwa mpaka 2016 anthu akuilirabe dziko lonse

KabazaMkulu:
70 series ikupangidwabe mpaka lero kuyambira 1984, palibe akulira chifukwa siinafe

Defender300:
Tikakumane ku Golodi pokwera ku Livingstonia tikaone amene abwerere rivesi pa makona aja

Admin_Gulu:
Akuluakulu za Land Rover ndi Toyota tinakangana kale mwezi watha mpaka ena anatuluka pa gulu. Munthu wafunsa za ekizozi.

Eng_Chichiri:
Tibwerere ku stainless ya ku Limbe ija. Stainless ilipo mitundumitundu. Ya 409 ndi imene makampani ambiri a galimoto amagwiritsa ntchito pa ekizozi, maginito amaigwira, pakapita nthawi imachita dzimbiri la pamwamba lofiirira koma siibooka msanga, imapirira kutentha ndi kugwedezeka. Ya 304 ili ndi chromium 18 ndi nickel 8 pa 100, imawala, maginito saigwira kwenikweni, dzimbiri ayi, koma ndi yodula ndipo ikatentha imatalika kwambiri kuposa chitsulo wamba ndiye ikamangidwa mothina imang'aluka mphepete mwa powotcherera. Palinso 201 yotchipa imene amapangira zogwirira za masitepe ndi mageti, nayonso maginito saigwira, ndiye musadalire maginito okha, yang'anani nambala yodindidwa pa paipi ndipo muyeze kukhuthala kwake. Ikhale 1.6 mm kapena kuposa. Yopyapyala ya masitepe ija msewu wa Neno siimaliza nyengo ya mvula.

Spana17:
Ndiwonjezere apo. Stainless ikathyokera ku Neno adzaiwotcherera ndani? Wowotcherera wa pa trading ali ndi ndodo za 6013 zowotcherera chitsulo wamba basi. Stainless imafuna 308L, ndipo polumikiza stainless ndi chitsulo wamba ndi 309L. Akaika 6013 igwira lero, kenako powotchererapo pachita dzimbiri nkung'aluka. Ine kwa munthu wa kumudzi ndimati aluminised, chitsulo wamba chokutidwa ndi aluminiyamu. Kuno sitithira mchere mmisewu ngati kwa azungu kuja kogwa chisanu, ekizozi zathu zimaphedwa ndi matope, miyala ndi kugwedezeka. Aluminised ikhala zaka zambiri ndipo aliyense wa makina owotcherera aikonza.

Eng_Chichiri:
Pamenepo sindikutsutsa, bola azipaka penti ya kutentha powotchererapo chifukwa aluminiyamu uja amapsa pamalopo. Koma akapeza 409 pa mtengo wosasiyana kwambiri ine ndingatenge 409.

Spana17:
akaipeza. ndi forex yake iti

MayiWaFamu:
Abambo nonse mukukamba za mphamvu ndi zitsulo palibe amene wafunsa kuti utsiwo uzitulukira kuti. Ife tili ndi 75 pa famu ku Mchinji, wina anaidula ekizozi nkuitulutsira pansi pa bodi kutsogolo kwa thayala lakumbuyo akuti isamagunde mmakwawa. Aganyu okhala kumbuyo ankafika ku munda maso ali psuu mutu ukuwawa, tikaika tenti ndiye utsi wonse umazungulira mkatimo. Achimwene a ku Neno musandiuze kuti simunyamula anthu pamwamba pa matumba, kumeneko galimoto ikadutsa aliyense amaimitsa. Paipi ifike kumbuyo kwa thayala itulukire kunja kwa bodi chammbali, isathere pansi. Isalozenso pansi kwambiri, nthawi ya fumbi imautsa fumbi lonse nkulowa mu kabini.

Chinanso udzu. Mwezi wa September ndi October mukadutsa mmunda kapena njira za udzu wautali, udzu wouma umaunjikana pamwamba pa sailensa ndi pa chitsulo chotchinga pansi, paipi ili moto, galimoto zimapsa choncho. Ife dalaivala amadziwa kuti akafika amagwada nkuchotsa ndi kawaya. Ndiye popanga yatsopanoyo asasiye timipata tosunga udzu, ndipo italikirane ndi mapaipi a buleki ndi a mafuta.

WakuNeno75:
Mayi mwandigwira pamenepo, anthu ndimanyamula ndithu, odwala omwe kupita nawo ku chipatala.

Mdala_2H:
Mayi anena mfundo yaikulu. Ndiwonjezere kuti poyeza njira ya paipi pamwamba pa difu musayeze galimoto ili yopanda katundu nkukhutira. Ikanyamula matumba masipuling'i amagona, difu imayandikira ku chasisi, paipi ikakhala pakati iphwanyidwa. Siyani mpata wokwanira, komanso isakhudze shoko. Sailensa ikhale mmwamba mobisala ndi chasisi, chinthu chotsikitsitsa pansi pa galimoto chisakhale ekizozi.

GhettoYut265:
Chotsani sailensa yonse man straight pipe, Cruiser imalira bho heavy

MayiWaFamu:
Odwala aja afike ku chipatala atagontha?

Spana17:
Ndipo COF akaitenga bwanji ndi straight pipe, pa roadblock iliyonse azikhala akufotokoza. 1HZ ilibe turbo yoti ichepetseko phokoso, yopanda sailensa simungayende nayo ola lathunthu mutu osawawa. Pali sailensa zowongoka mkati, ukasuzumira umaona kuwala mbali inayo, paipi yake ya timabowo yokutidwa ndi ubweya wagalasi, zimenezo utsi umadutsa bwino koma pa injini yopanda turbo zimalirabe ndithu. Za zipinda mkati ndi zachete koma zimapanikiza pang'ono. Kwa galimoto ya ntchito tengani yowongoka koma yaitali ndi yonenepa, osati kachibotolo kaja amaika anyamata pa ma Vitz. Polowera ndi potulukira pakhale 2.5 yomweyo, musagule sailensa ya 2 inch nkuilumikiza ku paipi ya 2.5, mwangotaya ndalama.

Nyika_Guide:
Funso langa lili pafupi ndi nkhaniyi. Yanga ndi HJ75 ya injini ya 2H, ndikamakwera ku Chelinda kuchoka ku Rumphi imatulutsa utsi wakuda kwambiri ndipo imafooka, ndikatsikira ku nyanja imakhala bwino. Ekizozi yaikulu ingathetse zimenezi?

Eng_Chichiri:
Pang'ono chabe, pokhapokha ngati sailensa yanu inagumuka mkati nkutseka njira. Ku Nyika muli pamwamba kupitirira mamita 2000, mpweya ndi wopepuka, injini yopanda turbo imataya mphamvu pafupifupi 3 pa 100 pa mamita 300 aliwonse amene mwakwera, pomwe pampu ikuthirabe dizilo yemwe uja. Dizilo wosapsa bwino ndiye utsi wakudawo. Yambani ndi air cleaner, fumbi la msewu umenewo limaitseka msanga, kenako ma injector akayezedwe, kenako timing ya pampu. A WakuNeno75 nanunso ku Tsangano ndi kumtunda, musayembekezere kuti paipi yatsopano ikupatsani injini ina. Muzamva kuti ikupuma bwino ndi kupepuka pang'ono pa ma rev apamwamba, basi.

BoostAlipo:
Ndiye angoika turbo pa 1HZ yo nkhani ithe, makiti alipo, akatero 3 inch yanga ija ikhala yolondola

Mdala_2H:
Anthu amaika inde, koma 1HZ ndi indirect injection, ili ndi timakapu mu head ndipo mapistoni ake sanapangidwire turbo ngati a 1HD-T. Ukawonjezera dizilo mosasamala kutentha kumakwera, pistoni kung'aluka, head kung'aluka. Amene amaika bwino amasunga boost, mphamvu ya mpweya umene turbo imakankha, yochepa, amaika geji yoyeza kutentha kwa utsi ndipo pa chitunda amayendetsa akuyang'ana geji imeneyo. Injini ya 1994 yonyamula mbatata, kaya yayenda makilomita angati, ine sindingaikhudze. Koma ngati mwini wake ali ndi maganizo amenewo chaka chino chomwe anene, chifukwa pamenepo ndiye kugula 2.5 kukhala kugula kawiri kumene akukana.

WakuNeno75:
Za turbo ayi madala, ndalama imeneyo bola ndigule mateyala. Nanga madzi? Nthawi ya mvula timawoloka timitsinje tothira mu Lisungwi madzi kufika mu difu nthawi zina kupitirira, wina anandiuza kuti ndiikweze ekizozi mmwamba kuseri kwa kabini ngati thalakitala

Spana17:
Injini ikamalira madzi salowa ku ekizozi, utsi umawakankha. Choopsa ndi kuzimitsa muli pakati pa madzi, kapena madzi kulowera kokokera mpweya, kumeneko ndiye mufunika snorkel, paipi yokokera mpweya mmwamba. Yokweza mmwamba ija utsi ndi mwaye zizigwera anthu ndi katundu kumbuyo, nthambi zizikola, mvula izilowa galimoto ikaima. Siyani.

WakuNeno75:
Ndabwera ndi lipoti. Tayesa mmene ananenera a Mdala_2H, pa rivesi injini ikuchita kudzuka ndithu, mauntingi imodzi labala yalekana ndi chitsulo. Ya giyabokosi nayo yafewa. Ndaonanso mwaye wakuda pa manifodi chakumbuyo ndipo sitadi imodzi, bawuti yogwira manifodi ku injini, palibe, inaduka mkati. Mmawa ikamalira imamveka tiki tiki mpaka itenthe. Mphwanga ndamuuza asiye za 79. Ndikupita pa 2.5 aluminised, mamauntingi atsopano, sailensa yaitali. Sitadi yodukayo nditani?

Spana17:
Tiki tiki ameneyo ndi gasiketi ya manifodi ikupuma podukapo. Poti mwamasula kale zonse chotsani manifodi. Masitadi otsalawo athireni mafuta omasulira dzimbiri usiku wonse musanawakhudze. Yodukayo ngati yatsalako kunja kapena yadukira pafupi, aike washa ndi nati pamwamba nkuwotcherera mkati mwa natiyo, kutentha komweko kumaimasula, head ya 1HZ ndi ya cast iron ndiye sizivuta kwambiri. Musalole munthu aboole ndi drill pamanja mwachisawawa, akapotoza bowo mulira. Manifodi muiyike rula yachitsulo, ikakhala yopindika ipite ku engineering akaisalaze apo ayi gasiketi yatsopano ipsanso. Gasiketi gulani yeniyeni yachitsulo, masitadi ndi manati onse atsopano, pakani copper grease, pomanga yambirani pakati kupita kunja.

Mdala_2H:
Ndipo musaiwale flex, kapaipi kolukidwa kofewa kaja. Ikhale ya 2.5 yokhala ndi chitsulo china mkati osati yoluka yokha, aiike paipi ikangomaliza kutsika nkuyamba kugona, ndipo kumbuyo kwake pafupi pakhale chokolekera cha labala kuti flex isanyamule kulemera kwa sailensa. Muwauze aike ma flange awiri kapena atatu, polumikizira pomanga ndi mabawuti, asawotcherere yonse kukhala chinthu chimodzi, tsiku lotsitsa giyabokosi kusintha kilachi mudzachita kudula ndi sowo.

KabazaMkulu:
Zonsezi mtengo wake upitirira paipi ya madzi katatu, ine ndangodutsa

RosettenvilleGuy:
Flex ndi makona a mandrel ndi tinthu tating'ono, timenetu ndiye mphwanu angatumize mu katoni imodzi pamodzi ndi mamauntingi. Paipi yowongoka gulani konko. Muwerenge kaye makona pa yakaleyo musanaitaye, a 90 angati a 45 angati, muonjezere imodzi yapadera.

Nyika_Guide:
A Spana17 masitadi a 1HZ ndi a 2H ndi ofanana? Ngati akutumiza katoni ndikufuna ndiponyemo anga

Spana17:
Musaganizire, masulani imodzi muyeze ulusi ndi kutalika mutumize chithunzi pano ili pambali pa tepi.